Kabokosi kakale ka reverb kakuvuta? Mafunso amene mumafunsa kawirikawiri ndi mayankho ake

Timabokosi timene ndikunena pano ndi tija tophwatalala timamangidwa mu rack pansi pa mikisa, topereka ma effect a mawu monga reverb (kamkokomo ngati ka m'holo yaikulu), delay, chorus ndi zina zotero, makamaka takale ta m'ma 1980 ndi koyambirira kwa ma 1990 monga Yamaha SPX90, Alesis Midiverb II ndi Quadraverb, Roland SRV-2000, Lexicon PCM70 ndi tinzake. Kuno ku Malawi timafika togwiritsidwa kale ntchito, tina kuchokera ku UK, tina ku Japan kapena Johannesburg, ndiye mumatipeza m'matchalitchi, kwa anyamata a bandi ndi m'ma studio a kuchipinda aja. Mafunso amene anthu amabwera nawo ndi omwewomwewo nde ndangowaika malo amodzi. Chimene ndikufuna mugwire musanawerenge zambiri ndi ichi: timabokosi tambiri timene eni ake amati "ubongo wafa" ubongowo uli bwinobwino, chimene chadwala ndi mbali ya magetsi, batire, kapena polowetsa ma jack. Yambani kuyeza musanayambe kuzula zinthu.

Ndangokalandira kumene, ndingokalumikiza ku magetsi kuti ndione ngati kakugwira?

Ayi akulu, dikirani kaye, tembenuzani muwerenge kumbuyo. Magetsi athu kuno ndi 230V pa 50Hz, chimodzimodzi ku Zambia, ndipo kabokosi kochokera ku UK kapena South Africa kalibe vuto. Koma kopangidwira msika wa ku Japan kamadya 100V, ka ku America kamadya 117V kapena 120V, ndipo mukakapatsa 230V zimatha mu sekondi imodzi, fyuzi ikapsa yokha muthokoze chifukwa nthawi zambiri thiransifoma imapita nayo limodzi. Anthu amapusitsidwa ndi pulagi, amaona kuti wina anadula kale pulagi yakunja nkuikapo yathu ya mano atatu nde amaganiza kuti basi zili bho, pamene mwini wake wakale ankagwiritsa step-down, thiransifoma yotsitsa magetsi, imene sanakupatseni. Tina tili ndi ka switch kumbuyo kosankhira voltage, onani pamene kaloza. Ngati palibe, gulani step-down. Timabokosi timeneti sitidya magetsi ambiri, ya 50W imakwana pa kamodzi. Ka 100V kafunireni yotulutsa 100V yeniyeni, ya 120V kamayaka inde koma kamatentha kuposa mmene kanapangidwira ndipo ndi kutentha komweko kumene kumapha makapasita.

Adaputa ya Quadraverb inasowa, ndili ndi ina ya 9V ya pedal ya gitala, ingagwire?

Singagwire, ndipo funso limeneli ndi limene limabwera kwambiri kuposa onse. Alesis, kampani imene Keith Barr anayambitsa ku Los Angeles mu 1984, inkapanga timabokosi take kuti tizidya 9V AC, osati DC. Ma adaputa a pedal, a router, a decoder, pafupifupi onsewo ndi DC. Kusiyana kwake nkwakukulu chifukwa mkati mwa kabokosi muli ma diode ndi makapasita amene amatenga AC uja nkupanga magetsi a plus ndi a minus odyetsa ma op-amp (tima chip, kapena kuti ma IC, tokuza mawu), nde mukapereka DC mbali imodzi sibadwa nkomwe. Zotsatira zake pena timagetsi takutsogolo timayaka ndithu koma mawu zii, munthu nkuyamba kutsegula kufunafuna IC yakupsa pamene vuto lili pa khoma.

Pa adaputa yoyenera pamalembedwa 9VAC kapena 9V ndi kachizindikiro kopindika ngati kafunde. Onaninso ma mA, akhale ofanana kapena oposa amene alembedwa kumbuyo kwa kabokosi, kuchuluka sikuononga koma kuchepa kumapangitsa kuti adaputa izitentha ndipo kabokosi kazizima kokha. Quadraverb ili ndi pulagi yake ya DIN ya mapini 4, ngati mukumanga nokha waya onani schematic (mapu a mawaya a mkati) kaye kuti mapini ake akuyenda bwanji, osangoganizira.

Sikakuyaka nkomwe, palibe olo kamagetsi kamodzi. Ndiyambire pati?

Yambirani kunja nkumalowa mkati pang'onopang'ono. Chingwe cha magetsi, fyuzi ya mu pulagi muja, kenako fyuzi ya mkati, zonsezi multimeter pa continuity imakuuzani mu miniti imodzi. Fyuzi mukaipeza yapsa yang'anani mmene yapsera. Kawaya kongoduka bwinobwino galasi lili loyera, mwina yangotopa ndi ukalamba kapena magetsi anabwera mwamphamvu atazima. Galasi lakuda bii mkati, pamenepo pali short ndipo mukaika ina ipsanso. Ikani ya nambala yomweyo, ndipo chilembo T chimene chili kutsogolo kwa nambala chikutanthauza yochedwa kupsa, F ndi yofulumira, musazisinthanitse. Zokulunga fyuzi ndi waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya zija, chonde zisiyeni, fyuzi ndi imene ikuteteza thiransifoma imene simuipezanso pena paliponse.

Musanayatsenso, mangani choyezera cha babu. Ndi babu la kale lija la kawaya mkati, la 40W kapena 60W, lolumikizidwa mu series pa waya wa live pakati pa khoma ndi kabokosi. La LED kapena energy saver siligwira ntchito imeneyi. Mukayatsa, babu likathwanima kamodzi nkuzilala ndiye kuti palibe short yaikulu, likangowala mwamphamvu osasiya zimitsani, chinachake chikukoka magetsi, kawirikawiri ndi diode ya pa rectifier, kapasita wamkulu, kapena timakapasita ta tantalum tooneka ngati timikanda tija, timeneto tikafa timafa mwa short.

Zikadutsa apo yezani ma rail, ndiwo njira zonyamula magetsi a DC kuchokera ku power supply kupita mbali zonse za bolodi. Pafupifupi timabokosi tonse ta nthawi imeneyo tili ndi +5V ya mbali ya digital, ndi plus ndi minus 15V kapena 12V ya mbali ya mawu. Ngati muli ma regulator a miyendo itatu, nambala zake zimakuuzani zokha, 7805 ndi +5V, 7815 ndi +15V, 7915 ndi minus 15V, kungoti samalani kuti miyendo ya 79 siyendera limodzi ndi ya 78. Njira yachidule yoyezera mbali ya mawu ndi kupeza op-amp ya miyendo 8 ngati 4558, TL072 kapena NE5532, pini 8 ndi plus, pini 4 ndi minus. Ya 5V ija ndi yosakondwa msanga, ikatsika pansi pa 4.75V processor imayamba kuchita misala kapena kukana kudzuka kumene. Ndipo musangoyeza DC yokha, tembenuzani mita pa AC muyezenso pa rail yomweyo, mukapeza AC yooneka pamene payenera kukhala DC yosalala ndiye kuti makapasita auma.

Kutsegula mkati nkoopsa?

Kwa timene tili ndi adaputa yakunja ayi, mkati muli magetsi ochepa. Kwa timene chingwe cha 230V chimalowa mkati inde, makamaka ngati power supply yake ndi ya switching, chifukwa kapasita wamkulu wa mbali ya khoma amasunga pafupifupi 325V DC ndipo amatha kukhala nawo ngakhale mwazula pulagi. Muyezeni kaye, mutsitseni ndi resistor, osati kugunditsa screwdriver. Ngati simunagwirepo zamagetsi a pa khoma mbali imeneyo isiyireni amene anazolowera, inu chitani za batire ndi ma jack. Ndipo musanazule waya uliwonse jambulani ndi foni.

Kakulira hmmm mu sipika nthawi zonse, olo osaimba chilichonse

Choyamba dziwani ngati phokosolo likubadwira mkati kapena likuchokera pa malumikizidwe. Zulani zonse za ku input, siyani output yokha kupita ku mikisa. Likatha, vuto ndi ground loop (zida zolumikizana zikamapeza earth m'njira zosiyanasiyana) kapena chingwe choduka shield, yesani kulumikiza mikisa, ampu ndi rack yonse pa extension imodzi. Zothyola dzino la earth pa pulagi kuti hum ithe ndimaziona kwambiri m'matchalitchi, zimagwira inde koma tsiku limene chinachake chidzachite short oimba wogwira maiki ndi amene adzakhale earth. Gulani DI box kapena ka isolator ka thiransifoma.

Likapitirira ngakhale input mulibe kanthu, mvetserani kamvekedwe kake. Kulira kwa pansi kwambiri kwa 50Hz kawirikawiri ndi thiransifoma yoyandikana, monga kabokosi kakhala pamwamba penipeni pa power amp, kasuntheni muone. Kulira kokwererapo pang'ono kokhala ngati kukuzaza, kwa 100Hz, ndi makapasita a power supply amene atopa. Pa foni pali ma app oonetsa ma frequency, ikani foni pafupi ndi sipika ikuuzani kuti ndi 50 kapena 100.

Anthu amati ndingosintha makapasita onse, ndi zoona?

Theka ndi zoona. Makapasita a electrolytic ali ndi madzimadzi mkati amene amauma ndi zaka, ndipo lamulo limene opanga amagwiritsa ndi lakuti kutentha kukakwera ndi 10°C moyo wake umadulidwa pakati. Nde taganizani SPX90 inatuluka 1985, Midiverb II 1987, Quadraverb 1989, zaka zoposa 30 zonsezo kali kotsekeredwa mu rack mopanda mphepo, kenako kabwera kuno kudzakumana ndi kutentha kwa October. A mu power supply ndi amene ali pafupi ndi ma regulator otentha aja asintheni onse osafunsa, pa Quadraverb makamaka chifukwa kamatentha mwachibadwa ndipo makapasita ake opanga ma rail kuchokera ku 9V AC amagwira ntchito yakalavulagaga. Koma kuzula kapasita aliyense pa bolodi lonse tsiku limodzi pamene simunadziwe vuto, kumeneko ndiye ndimakana. Ma bolodi amenewa ndi a mbali ziwiri, timabowo take tili ndi chitsulo chopyapyala mkati, mukakoka mwendo solder isanasungunuke bwino mumazula ndi njira yomwe, nde mwayamba ndi vuto limodzi mwatha ndi anayi ndipo simukudziwa kuti latsopano ndi liti. Sinthani kagulu kamodzi, yatsani, mverani, kenako pitirizani.

Posankha atsopano, ma µF akhale omwewo, voltage yofanana kapena yokwererapo, ndipo tengani a 105°C osati a 85°C. Mzere umene uli m'mbali mwa kapasita ndi mwendo wa minus, mukatembenuza amaphulika. Onani mmene wakale anakhalira musanamuzule, osangodalira zolembedwa pa bolodi. Kapasita wofufuma pamwamba kapena wotuluka zinthu pansi ndi wakufa, koma wooneka bwino sikuti ali moyo, ambiri amauma mwakachetechete ndipo chimene chimawagwira ndi ESR meter, mita yapadera yoyezera thanzi la makapasita; multimeter wamba imatha kukuonetsani ma µF abwino pa kapasita woti watha ntchito.

Chinanso chimene anthu amachidumpha ndi guluu. Mafakitale ambiri nthawi imeneyo ankamata makapasita akuluakulu ndi guluu wachikasu, amene akakalamba amasanduka wa bulauni woderapo, nkuyamba kudya miyendo ya zinthu zoyandikana komanso kudutsitsa magetsi pang'ono, makamaka nyengo ya mvula kukakhala chinyezi. Ena amamuona nkumati kapasita wataya madzi. Mupaleni yense ndi kamtengo kapena pulasitiki, tsukani ndi isopropyl, ndipo yang'anani ma resistor ndi ma diode amene anali pansi pake ngati miyendo sinadyeke. Mukaonanso kapasita wa makona anayi wooneka ngati galasi lachikasu losweka pafupi ndi polowera magetsi, wolembedwa RIFA, mchotseni muike X2 watsopano, amenewo amatulutsa utsi wonunkha nyumba yonse.

Ma preset amene ndasunga akumafufutika ndikazimitsa, pena sikirini ikulemba zilembo zosamveka

Batire limenelo. Ma preset a ku fakitale amakhala mu ROM ndipo safufutika, koma anu amakhala mu RAM imene imadalira kabatire ka lithium ka 3V kabokosi kakazima. Pa SPX90 mwachitsanzo 1 mpaka 30 ndi a fakitale, 31 mpaka 90 ndi malo 60 anu, nde mukaona kuti oyambirirawo ali bwino koma enawo asokonekera musavutike kufufuza kwina. Latsopano limaonetsa 3.2V kapena kuposerapo pang'ono, likafika cha m'ma 2.7V lisintheni. Ambiri ndi omatidwa ndi solder pa bolodi. Musayese kuwotcherera waya pa batire wamba la CR2032, kutentha kumaliononga ndipo likhoza kuphulika, gulani ka holder muike, ulendo wina mudzangosolola ndi chala. Ngati lakale linataya madzi, tsukani bwinobwino ndipo yezani njira zonse zodutsa pamenepo chimodzichimodzi.

Mukasintha batire RAM imadzuka ndi zinyalala mkati, nde kabokosi kakhoza kuoneka ngati kapenga kuposa kale, manambala osatheka, mawu ophulika, kapena kungouma. Apa mpofunika factory reset. Pa Quadraverb gwirani BYPASS ndi PROG pamodzi nkuyatsa, pa SPX90 ndi BALANCE ndi FOOT TRIGGER. Tsitsani volume ya mikisa musanachite zimenezi. Ndipo dziwani kuti reset imafufuta zanu zonse, nde ngati batire likadali ndi kamoyo ndipo muli ma setting amene bandi inazolowera, alembeni pa pepala kaye kapena atumizeni ku kompyuta ndi SysEx (njira yotumizira ma setting pa chingwe cha MIDI) ngati kabokosiko kamalola, Quadraverb imalola.

Sikirini yachita mdima, kapena ikungoonetsa timabokosi takuda mzere wa pamwamba

Izi ndi nkhani ziwiri zosiyana. Ngati zilembo zikuoneka mukaunika ndi tochi ya foni, chafa ndi kuwala kwa kumbuyo basi. Tambiri takale tinkagwiritsa kapepala kowala ka EL kamene kamazilala ndi zaka, ndipo ka inverter kake kamatulutsa AC ya cha m'ma 100V nkumalira tswiii, kamaluma mukakhudza. Mutha kusintha kapepalako kapena kuika sikirini yonse yatsopano ya LED, zambiri ndi za mizere 2 ya zilembo 16 zoyendera HD44780 ya Hitachi ndipo zimapezeka motchipa kwa ogulitsa za Arduino. Fananizani mapini kaye, makamaka a 5V ndi ground, chifukwa si zonse zinasanjidwa mofanana, ndipo muzule inverter ija isakapsereze yatsopano.

Koma timabokosi takuda mzere umodzi pa sikirini tikutanthauza kuti sikirini ili moyo, yalandira magetsi, koma processor sinaiuze kanthu. Sikirini musaigwire, bwererani ku 5V, kenako dera la reset, kenako crystal, kenako EPROM. EPROM ndi IC ija ili ndi sitika pamwamba yolembedwa version, imakhala mu socket ndipo miyendo imachita dzimbiri. Itukuleni pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri, pukutani, ibwezereni moyang'ana komwe inayang'ana. Sitikayo musamatule, pansi pake pali kawindo ndipo kuwala kwa UV kumafufuta pulogalamu.

Kakuyaka bwinobwino koma mawu sakutuluka, kapena akutuluka mbali imodzi

Onani timagetsi ta input level. Ngati tikuvina mukaimba, mawu akulowa ndipo vuto lili kutsogolo, ngati sitikuyaka vuto lili pa jack ya input, pa pot ya input kapena op-amp yoyamba. Kenako dinani bypass kapena tembenuzani mix kupita ku dry, ndiwo mawu opanda effect. Dry ikamveka koma effect osamveka, mbali ya analog ili bwino ndipo tikuyang'ana ku converter kapena ku digital. Zonse ziwiri zikakhala zii, ndi ma rail a 15V, ma jack a output, kapena dera la mute, limene limakhala ka relay kapena timatransistor monga 2SC2878 timene timagwira mawu kwa kanthawi poyatsa kuti sipika isaphulike, nde tikaonongeka timangogwiriratu osasiya.

Ma jack ndiwo ndimayamba nawo nthawi zonse chifukwa amamatidwa pa bolodi penipeni ndipo zaka zonsezi anthu akhala akusolola ndi kulowetsa, solder imang'ambika mozungulira mwendo, kamng'alu kake kochepa koti mpaka muone ndi galasi lokuza. Gwedezani pulagi muli kumvetsera, zikamadukaduka wotchereraninso miyendo yonse ndi solder ya 60/40. Ngati si pamenepo pangani audio probe, chingwe cha gitala chimene kunsonga mwaika kapasita wa 0.1µF, shield ku ground, mbali inayo ku ka ampu kakang'ono. Lowetsani kulira kwa 1kHz kuchokera pa foni nkumagusa pini 1 ndi pini 7 pa op-amp iliyonse motsatira schematic, pamene mawu asowera ndi pomwe pali nkhani.

Dry ili yoyera koma reverb ikuthetheka ngati mafuta pa moto

Apa ndiye tafika ku digital koma musataye mtima msanga. Yezaninso 5V ndi ripple yake, ka AC kotsalira kaja, chifukwa magetsi akuda amabweretsa zomwezi. Kenako ma socket onse ndi ma ribbon cable, zulani, tsukani, bwezerani. Zikapitirira, woganiziridwa wamkulu ndi ma IC a DRAM amene amasunga mawu pochedwetsa, imodzi ikafa bit imodzi imasokonekera nde mchira wa reverb umatuluka ndi mchenga, ndipo kawirikawiri zimakula pa ma program a delay yaitali kuposa afupiafupi. Ma DRAM amenewo anali wamba, omwewo ankaikidwa m'makompyuta a nthawi imeneyo, amapezekabe. Tina tili ndi test mode yoyeza RAM yokha, service manual imanena mabatani ake. Imene yatentha kuposa zinzake mukaigusa ndi chala ndi yoyamba kuikayikira.

Kamayamba bwino, pakapita mphindi 20 kapena 30 kamayamba misala

Kutentha. Kapena regulator ikudziteteza nkuzima, kapena pali solder yong'ambika imene imatseguka zinthu zikafutukuka. Tsegulani chivundikiro muyatse, ngati chotsegula kakugwira nthawi yaitali mwadziwa kale. Wotchereraninso miyendo ya ma regulator ndi ma resistor akuluakulu, paliponse pamene bolodi lada ndi kutentha, ikani heatsink compound yatsopano, ndipo gogodani pang'onopang'ono ndi kamtengo kouma malo osiyanasiyana muone pamene pakuyambitsa. Mu rack siyani mpata wa 1U, ndiwo 44.45mm, pamwamba pake, ndipo kasakhale pamwamba pa power amp.

Mabatani mpaka kudina katatu, ma knob akukanda. Ndithire WD-40?

Ayi. Imasiya mafuta amene amakoka fumbi ndipo pakatha miyezi zimaipa kuposa kale. Pa ma pot thirani contact cleaner pang'ono nkuzunguliza kambirimbiri. Spirit wofiirira wa ku grocery uja amasiya utoto, funani isopropyl ya 99%. Mabatani ndi ma tact switch otchipa, kutsuka kumathandiza sabata imodzi basi, asintheni onse kamodzi, ingoyezani kutalika kwa kamutu kake musanagule. Mukatsegula mukapeza zitosi za mphemvu, zimene sizachilendo pa kabokosi kofunda kokhala m'kabati ya ku tchalitchi, tsukani bolodi lonse ndi burashi ndi isopropyl ndipo liume kaye musanayatse.

Kali ndi kaphokoso ka sss ndipo reverb yake siwala ngati ya pa kompyuta, kaonongeka?

Mwina ayi, ndi mmene kanabadwira. SPX90 imayendera 31.25kHz ndipo effect yake imathera pa 12kHz, nde kumwamba kuja kulibe, ndipo anthu ambiri amene amatifunafuna lero akufuna mdima womwewo. Sss wambiri kawirikawiri ndi nkhani ya ma level. Anthu amaopa kagetsi kofiira nde amalowetsa mawu ochepa kwambiri kenako nkukweza return pa mikisa mpaka kumapeto, phokoso lonse limakwera nawo. Kwezani input mpaka kofiira kazingophethira pa mawu amphamvu okha, tsitsani return. Onaninso ka switch ka level kumbuyo, pa SPX90 ndi minus 20 ndi +4, ndi mikisa ya bandi ikani pa +4. Ngati mwalumikiza pa aux send, mix ikhale 100% wet, effect yokhayokha, ndipo channel imene mwabwezerapo effect aux yake ikhale pa zero, apo ayi muzunguliza mawu mpaka kulira.

MIDI sikugwira

Chingwe kaye, OUT ipite ku IN, kenako channel. Timawaya totchipa ta USB kupita ku MIDI timagwira pa program change koma timadula SysEx pakati, nde kutumiza ma preset ku kompyuta kukamalephera kayikirani kameneko. Ngati zonse zili bwino sinthani optocoupler ili kuseri kwa MIDI IN, kawirikawiri ndi 6N138 kapena PC900.

Schematic ndi ma spare ndizipeza kuti?

Lembani dzina la kabokosi ndi mawu akuti service manual pa intaneti, za Yamaha, Roland ndi Alesis zotchuka zija zilipo za PDF. Owner's manual ndi ina, imeneyo ilibe schematic. Makapasita, ma regulator, ma op-amp ndi ma switch mupeza kwa ogulitsa zida za ma TV ndi ma ampu mu Limbe, Blantyre kapena Lilongwe, kungoti makapasita ena a pamsika ndi abodza, opepuka ngati mulibe kanthu, nde ngati muli ndi m'bale akubwera kuchokera ku Johannesburg kapena UK mutumeni a Nichicon, Panasonic kapena Rubycon kuchokera ku shop yodziwika. Ozula pa bolodi la TV yakufa musaike, nawonso ndi okalamba.

Nanga IC yaikulu ikakhala kuti yafadi?

Pamenepo palibe kuchitira mwina. Ma DSP (ma IC aakulu opanga effect) a m'timabokosi timeneti ambiri anali opangidwira kampani imeneyo yokha, Yamaha inali ndi ake, Alesis ake, Lexicon ake, ndipo anasiya kupangidwa kalekale, njira yokhayo ndi kupeza kabokosi kena kakufa ka mtundu womwewo nkuzulamo. Kwa PCM70 kapena Eventide H3000 zimenezo nzomveka chifukwa mtengo wake ukadali wokwera ndipo kunja kuli anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo. Kwa Midiverb II ndalama yotumizira kunja yokha ikhoza kuposa mtengo wa ina yamoyo. Koma musanagamule kuti yafa onetsetsani kuti ma rail onse ali bwino, clock ikuyenda, reset ikumasuka, RAM ndi EPROM mwaziyesa, ndipo clock ndi reset kuti muzione bwino pamafunika oscilloscope, nde ngati mulibe pitani nako kwa amene ali nayo. Kakakanikadi musataye ku dzala, sikirini, ma knob, thiransifoma, EPROM ndi chivundikiro chomwe ndi ma spare a munthu wina, ndipo batire lichotsenimo musanakasunge.